Musanagulitse sitandi: njira yopezera ntchito ndi viza kunja muli kuno ku Harare

Pafupifupi Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi kuno ku Highfield, pamakhala wina wondikokera pambali. "Malume, taonani izi." Foni ili m'manja, uthenga wa pa WhatsApp uli pamenepo: ntchito ku UK, nyumba yaulere, viza m'masabata awiri, tumizani ndalama pa EcoCash lero lomwe malo asanathe. Pakamwa pandiuma n'kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti wa ku Mbare, wa ku Mufakose ndi wa ku Epworth awerenge pa nthawi yake.

Agogo athu pobwera kuno ku "Halale" ankangofunika chitupa ndi mphamvu za m'manja. Ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, ena anadula Tete wapansi. Masiku amenewo anatha. Lero amene amakutsegulirani khomo ndi bwana amene wakulembani ntchito, ndipo amene amapereka viza ndi boma la dzikolo. Pakati pa awiriwa palibe munthu wina wogulitsa viza. Ntchito ndiyo imayamba, viza imabwera pambuyo. Wokuuzani kuti "lipirani viza, ntchito mukaipeza konko" akukuyendetsani chafutambuyo.

Yambani ndi dzina lanu

Apa ndi pamene ife ana a machona timagwera, tisanafike n'komwe pa nkhani ya ntchito. Tulutsani mapepala anu onse, muwayale pa tebulo: satifiketi ya kubadwa, chitupa, pasipoti, masatifiketi a sukulu, mtchatho ngati muli pabanja. Werengani dzina chilembo ndi chilembo, tsiku lobadwa nambala ndi nambala.

Mwana wa mlongo wanga anachedwa pafupifupi chaka chathunthu chifukwa cha chilembo chimodzi. Bambo ake analembedwa Piri ndi kalaliki wa pa famu kalekale, dzinalo linalowa pa satifiketi ya kubadwa ya mwanayo, pomwe ku sukulu mphunzitsi wodziwa Chichewa anamulemba Phiri. Kuno aliyense amadziwa kuti ndi munthu mmodzi. Mzungu wokhala pa kompyuta ku Sheffield kapena ku Pretoria amaona anthu awiri. Ngati pali kusiyana kotere, pitani ku ofesi ya Registrar General mukafunse njira yokonzera. Nthawi zina pamangofunika kalata yolumbirira, afidaviti ija, nthawi zina pamafunika loya woti alembe chikalata chosintha dzina. Chitani zimenezi musanatumize CV kulikonse.

Kenako nkhani ya unzika. Ambiri a ife tinakula ndi zitupa zolembedwa kuti ndife alendo, ngakhale mchombo wathu unagwera ku Mbare. Malamulo aakulu a dziko a 2013, omwewo amene anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, amati pa gawo 43: munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake limodzi kapena onse anali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala kuno, ndi nzika mwa kubadwa. Koma lamulo silisintha chitupa chili m'thumba mwanu. Muyenera kupita nokha kukasinthitsa, kenako n'kufunsira pasipoti. Kuyambira 2024 pasipoti wamba ndi US$150 kuonjezapo US$20, yachangu ndi US$250 kuonjezaponso US$20 yomweyo. Amene muli ndi pasipoti ya Malawi, nkhani zanu zimadzera ku ofesi ya kazembe wa Malawi kuno ku Harare, ndipo onetsetsani kuti chilolezo chanu chokhala mu Zimbabwe sichinathe, chifukwa maofesi a viza amafuna umboni woti mumakhala kuno mwalamulo.

Pasipoti yotsala ndi miyezi yochepa kapena masamba awiri okha musaidalire. Tengani yatsopano.

Dziwani khomo lotseguka ndi lotsekedwa

Funso si lakuti "ndikufuna kupita kuti", koma "ntchito imene ndimadziwayi ikufunika kuti, ndipo dzikolo likulola kulemba munthu wochokera kunja?"

Tiyambe ndi UK, poti ndiye ali pakamwa pa aliyense. Kuyambira 2022 anthu ambiri a kuno anapita pa ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, atangochita kosi ya nurse aide ya miyezi yochepa. Khomo limenelo linayamba kutsekedwa pa 11 March 2024, pamene analetsa ogwira ntchitoyi kutenga mkazi, mwamuna kapena ana. Pa 22 July 2025 analitsekeratu: bwana wa ku UK sangalembenso care worker kuchokera kunja. Ndiye wina akakuuzani lero kuti ali ndi CoS ya care (CoS ndi nambala imene bwana wa ku UK amakupatsani kuti mufunsire viza), musavutike n'kufunsa mtengo. Akugulitsa mphepo. Zimandipweteka kuona atsikana akulipirabe makosi aja ndi chiyembekezo cha ndege.

Yotsala ndi Skilled Worker visa, imene kuyambira July 2025 imafuna makamaka ntchito za mlingo wa digiri, ndipo malipiro ake nthawi zambiri sayenera kuchepera £41,700 pa chaka. Anamwino ndi madokotala amadzera pa Health and Care Worker visa, imene malipiro ake amatsata ndondomeko ya zaumoyo ya konko. Manambalawa amasinthasintha, choncho tsiku lofunsira onaninso pa gov.uk, osati pa gulu la WhatsApp.

Ku Joni nako si kongokwera basi pa Roadport basi. Pasipoti ya Zimbabwe imakulowetsani masiku 90 ngati mlendo, ya Malawi masiku 30, koma mlendo saloledwa kugwira ntchito, ndipo simungasinthe kukhala wantchito muli konko. Viza ya ntchito mumafunsira muli kuno, kudzera ku VFS Global, kampani yolandira mafomu a viza, ku Harare kapena ku Bulawayo. Pali Critical Skills Work Visa ya amene luso lawo lili pa mndandanda wa boma, ndi General Work Visa ya ena onse amene apeza bwana. Kuyambira October 2024 amawerengera mapointi, ndipo mufunika 100 kuchokera pa maphunziro, malipiro, zaka zimene mwagwira ntchito ndi zina. ZEP ija, chilolezo chapadera chimene South Africa inapatsa anthu a ku Zimbabwe, ndi ya amene anali nayo kale, munthu watsopano salowamo, ngakhale wina akulonjezeni kuti ali ndi m'bale ku Home Affairs. Mukapyola masiku anu, pa Beitbridge amakudindani kuti ndinu wosafunika: chaka chimodzi ngati mwapyola ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati mwapyola kuposa pamenepo. Akakugwirirani m'kati, ulendo ndi wa ku Lindela, kumene amatsekera anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo.

Pali njira zina za boma ndi boma, monga aphunzitsi a kuno amene anapita ku Rwanda mu 2022. Zoterezi zimalengezedwa ndi unduna, ndipo simulipira munthu wa pa kona kuti akulembeni dzina. Ku Canada, bwana nthawi zambiri amayenera kupeza kaye chikalata chotchedwa LMIA, choonetsa kuti sanapeze munthu wa konko woti agwire ntchitoyo, ndipo ndalama yake amalipira ndi iyeyo. Lamulo la konko limamuletsa kukulipiritsani.

Za maiko a Aluya ndinenepo mosabisa, makamaka kwa inu achemwali. Mu 2016 amayi ambiri a kuno anabwezedwa kuchokera ku Kuwait atagwiritsidwa ntchito ngati akapolo, ndipo cha mu 2022 zomwezo zinamveka ku Oman, kwa amayi a ku Zimbabwe ndi a ku Malawi omwe. Vuto lili pa dongosolo lotchedwa kafala, limene limamangirira viza yanu kwa bwana mmodzi. Ntchito ya m'nyumba imakutsekerani kumene palibe wokuonani, pasipoti n'kulandidwa tsiku lofika. Alipo amene akugwira bwino m'mahotela ndi m'mashopu ku Dubai kapena ku Doha, sindikukana. Koma ntchito ya m'nyumba yopezedwa pa Facebook, mwana wanga sindingamulole. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Konzani umboni wa zimene mumadziwa

Satifiketi ya ZIMSEC, HEXCO kapena ya ku yunivesite iyenera kukhala yeniyeni, osati kapepala ka zotsatira kaja. Amene munaphunzira kumudzi ku Malawi, mufunika ya MANEB kapena TEVETA. Amisiri inu, omanga, owotcherera, a magetsi, a mapaipi: zaka makumi awiri pa ntchito popanda pepala kunja sizimveka. Kalembeni trade test mutenge khadi la ujeniman, Class 1 ngati mungathe. Ndaona anyamata a ku Siyaso ndi ku Magaba amene manja awo amaposa munthu wa dipuloma, koma alibe choonetsa.

Ku South Africa masatifiketi amayenera kudzera ku SAQA, bungwe loona za masatifiketi, kuti aone kuti akufanana ndi mlingo uti wa konko. Zimatenga nthawi, yambani msanga. Maiko ena amafuna kuti mapepala adindidwe ndi Unduna wa Zakunja, kenako ndi ofesi ya kazembe wawo. Malawi ali m'pangano la chidindo cha apostille, chimene maiko a m'panganolo amachivomereza popanda chidindo cha kazembe, Zimbabwe mulibe, ndiye pepala la kuno limayenda njira yaitaliko. Funsani bwana kapena bungwe lolandira kuti likufuna chidindo chiti musanayambe kuzungulira tauni.

Anamwino muli ndi ulendo wanuwanu. Kuti mugwire ntchito ku UK mumalembetsa ku NMC, bungwe loyang'anira anamwino konko: mayeso a pa kompyuta otchedwa CBT, kenako mayeso oonetsa ntchito ndi manja otchedwa OSCE amene mumakachitira konko, komanso chitsimikizo chochokera ku Nurses Council of Zimbabwe choti mbiri yanu ndi yabwino. Chitsimikizo chimenechi ndicho chimachedwetsa ambiri, choncho chiyambeni koyambirira, ndipo ngati muli pa bondi ya boma, pangano lija logwirira boma ntchito mukamaliza maphunziro, dziwani kuti yatsala nthawi yanji.

Ndiye Chingerezi. Inde, tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira giredi wani, koma mayeso a IELTS samayesa kulankhula kokha, amayesanso liwiro ndi kalembedwe. NMC imafuna 7 pa kuwerenga, kumva ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Pa OET, mayeso ena a Chingerezi a anthu a zaumoyo, imafuna B, ndi C+ pa kulemba. Amene amagwa, ambiri amagwera pa kulemba. Dzipatseni miyezi iwiri kapena itatu yoyeserera ndi wotchi pambali. IELTS imalembedwa kudzera ku British Council kuno ku Harare, ndipo polembetsa onetsetsani kuti mwasankha mtundu umene viza yanu ikufuna, chifukwa ilipo ingapo. Zotsatira zimakhala ndi mphamvu zaka ziwiri. Wogulitsa satifiketi ya IELTS osalemba mayeso muthaweni, nambala yake amaifufuza pa kompyuta.

Kusaka ntchito yeniyeniyo

CV ikhale masamba awiri, osaposa. Chotsani za mtundu, mpingo, nambala ya chitupa, ndi mndandanda wa maphunziro a giredi seveni. Lembani zimene munachita: wodi ya mabedi angati, makina anji, galimoto ya matani angati, kwa zaka zingati. Ikani anthu awiri okuchitirani umboni amene ali ndi imelo ya ku ntchito, ndipo auzeni kuti ayembekezere kufunsidwa. M'busa ndi wabwino, koma bwana wakunja amafuna amene anakuyang'anirani pa ntchito.

Funsirani mwachindunji pa tsamba la kampaniyo, pa NHS Jobs (tsamba la ntchito za m'zipatala za boma ku UK), pa LinkedIn. Kwa a zaumoyo pali mfundo imene ambiri saidziwa: Zimbabwe ndi Malawi onse ali pa mndandanda wa WHO wa maiko amene ali ndi anamwino ndi madokotala ochepa. Chifukwa cha ichi, malamulo a UK salola ma ajenti kubwera kudzakopa anthu kuno, koma inuyo panokha mukhoza kufunsira ntchito imene yalengezedwa. Ndiye ajenti amene akuti watumidwa ndi chipatala cha ku UK kudzatola anamwino ku Harare, mufunseni bwinobwino.

Mukayankhidwa, fufuzani bwanayo musanasangalale. Boma la UK lili ndi mndandanda wa mabwana ololedwa kulemba anthu akunja, Register of licensed sponsors, ndipo aliyense akhoza kuutsegula kwaulere. Dzina likasowa pamenepo, nkhani yatha. Likapezeka, musaime pomwepo, chifukwa akuba amabwereka maina a makampani enieni. Pezani nokha nambala ya foni pa tsamba la kampaniyo, osati imene ili pa kalata, muimbe mufunse ngati munthu wakulemberaniyo amagwiradi kumeneko. Kampani yaikulu silemba kalata ya ntchito pa Gmail. Ajenti wa kuno ayenera kukhala wolembetsedwa ku Unduna wa Zantchito. Muuzeni akuonetseni satifiketi, ndipo ofesi yake mukaione ndi maso, osati kukumana pa Copacabana m'galimoto. Safunsa anadya phula.

Chimene chimapweteka n'chakuti wobera nthawi zambiri si mlendo. Ndi mnzathu wa mu kwaya, kapena mlamu wa mnzathu, amene naye mwina ananamizidwa ndi wina pamwamba pake. Ulemu wathu uja wakuti "sindingafunse zambiri, angakhumudwe" ndi umene wadyetsa anthu masitandi ku Epworth ndi ng'ombe za makolo. Funsani mwaulemu, koma funsani: "Achimwene, kampaniyo dzina lake ndani? Ndilankhule nawo ndekha." Akayamba kuzungulira, mwamva kale yankho.

Ntchito yopanda intavyu kulibe. Tsiku la intavyu ya pa vidiyo, tchajani foni ndi laputopu usiku wake, gulani data yokwanira, ndipo khalani ndi malo ena othawirako magetsi akazima. Kumbukirani kusiyana kwa nthawi: London ili kumbuyo kwathu ndi ola limodzi m'chilimwe chawo, maola awiri m'nyengo yawo yozizira.

Werengani kontirakiti musanasaine

Malipiro olembedwa ndi a msonkho usanachotsedwe. Funsani zotsala m'manja, muchotsepo lendi, thiransipoti ndi chakudya cha konko, osati cha pa Mbare Musika. Onani maola otsimikizika pa sabata. Onani ngati pali chiganizo choti mukasiya ntchito msanga mudzabweza ndalama, ndipo ndi zingati. Dzina la ntchito pa kontirakiti lifanane ndi limene lidzalembedwe pa viza. Ngati yalembedwa m'Chiarabu kapena chilankhulo china chimene simumva, musasaine mpaka mutaiona m'Chingerezi. Mupatseni wina wodziwa awerenge nanu, maso awiri amaphonya.

Tsopano viza

Ku UK, bwana akakulembani amakupatsani Certificate of Sponsorship, CoS ija. Si pepala logulitsa, ndi nambala ya pa kompyuta ya boma, ndipo bwana saloledwa kukulipiritsani. Imakhala ndi mphamvu miyezi itatu, ndiye mapepala enawa akhale okonzeka kuti nthawi isakuthereni.

Mufunika satifiketi ya TB yochokera ku chipatala chimene boma la UK linavomereza. Ya chipatala china, ngakhale chabwino chotani, saiwerengera. Imatha pakapita miyezi isanu ndi umodzi, choncho musathamangire kukaitenga ntchito isanapezeke. Police clearance mumayamba ndi kudinda zala ku polisi, kenako imatuluka ku likulu la CID. Pa ntchito za zaumoyo ndi zauphunzitsi, UK imafuna kalata yotere kuchokera ku dziko lililonse limene munakhalako miyezi 12 kapena kuposa m'zaka khumi zapitazi. Ngati munakhalapo ku Lilongwe kapena ku Joni, yambani kuitanitsa ya kumeneko msanga. Mufunikanso kuonetsa £1,270 imene yakhala mu akaunti yanu masiku 28 otsatizana, pokhapokha bwana atalemba pa CoS kuti adzakusamalirani mwezi woyamba. Ndalama yongobwereka dzulo n'kuiponya mu akaunti siwerengedwa. A Skilled Worker amalipiranso £1,035 pa chaka chilichonse cha viza ngati msonkho wa zaumoyo, a Health and Care salipira.

Fomu lembani nokha pa intaneti, kapena khalani pambali pa amene akukulemberani, muone yankho lililonse. Imelo ndi pasiwedi zikhale zanu. Pali funso lakuti munakanizidwapo viza, kapena kupyola masiku m'dziko lina. Nenani zoona. Kukanizidwa kwakale pakokha sikutseka khomo, koma bodza kapena pepala lachinyengo likhoza kukutsekerani UK zaka khumi, ndipo sadzamva zoti anakulemberani ndi ajenti. Ndalama ya viza imalipiridwa pa tsamba la boma kapena pa ofesi yolandirira mafomu, ndipo mumalandira lisiti. Mukatero mumapita nokha kukajambulidwa ndi kudinda zala. Yankho la UK nthawi zambiri limatenga masabata atatu, la South Africa limatha kutenga miyezi.

Musasiye ntchito yanu ya kuno, musagule tikiti, musagulitse katundu viza isanatuluke. Kuthamanga sikufika. Ikatuluka, onani dzina, nambala ya pasipoti, masiku ndi dzina la bwana, ndipo cholakwika chikonzedwe muli kuno.

Sabata yonyamuka

Jambulani mapepala onse, muwasunge mu imelo yanu, ndipo makope ena musiyire munthu mmodzi wodalirika kunyumba, pamodzi ndi adiresi ya kumene mukafikire ndi nambala ya bwana. Sungani pamtima nambala imodzi ya kwanu, foni imatha kulandidwa kapena kutayika. Lembani nambala ya ofesi ya kazembe wa dziko limene pasipoti yanu ikuchokera. Gwirizanani ndi akunyumba mawu amodzi achinsinsi oti mukawanena pa foni adziwe kuti zinthu sizili bwino. Pasipoti ndi yanu, bwana akhoza kuiona ndi kuijambula, koma isagone m'kabati mwake.

Khalani pansi ndi banja mukambirane za ndalama musanakwere ndege. Auzeni kuti mwezi woyamba ndi wachiwiri Mukuru sadzalira, chifukwa malipiro oyamba amathera pa dipoziti ya nyumba ndi jekete. Za sosaite ya maliro musasiye kulipira, siyani munthu woti azikuperekerani.

Mukafika, sungani mapepala a malipiro a mwezi uliwonse, ndipo lembani maola anu m'kabuku. Ku UK, bwana akalandidwa laisensi kapena ntchito ikatha, nthawi zambiri mumapatsidwa masiku 60 oti mupeze bwana wina wololedwa kapena mutuluke m'dzikomo. Masiku 60 ndi ochepa kwa munthu amene alibe kanthu m'thumba, choncho kuyambira malipiro achiwiri muziika padera ndalama yokwana tikiti yobwerera ku Harare ndi lendi ya mwezi umodzi, mu akaunti imene achibale sakuidziwa.